Kuchoka pa galimoto ya mawaya kufika pa karoboti kodziyendera kokha

Aliyense amene anakulira kuno ku Mulanje anapangapo galimoto ya mawaya, kaya anabwerekapo ya mnzake, ija ya chiwongolero chachitali matayala ake zitsekerero za mabotolo zomanga ndi malegeni. Ndiye ndikamauza ana amene timakumana nawo Loweruka masana pakhonde pano pa Chitakale kuti tipanga roboti, ndimayambira pomwepo, chifukwa theka la ntchitoyi manja awo akuidziwa kale. Chimene chikusowa pa galimoto ya mawaya ndi zinthu zitatu basi, mota yoti iziyendetsa matayala, diso loti liziona kutsogolo, ndi kabongo koti kaziganiza zochita kakaona khoma. Musasokoneze ndi maroboti a pamsewu ku Blantyre aja, apa tikunena kagalimoto kakang'ono kamatayala atatu kamene mukakaika pansi kamayenda kokha, kakafika pafupi ndi khoma kamaima, nkubwerera pang'ono, nkukhota. Ndilemba mmene ifeyo timapangira, ndipo chonde tsatani ndondomekoyi osadumpha, kachidutswa kalikonse muzikayesa pakokha musanakaphatikize ndi kanzake.

Kabongo kaja

Ndi kabolodi kokwana m'dzanja, pakati pake pali chipu chotchedwa microcontroller. Si kompyuta ngati laputopu ayi, mulibe Windows, kamangosunga pulogalamu imodzi yomwe mwakalembera nkumaibwereza mpaka batire lithe. Mabolodi alipo ambiri, pali micro:bit ya BBC yomwe inatuluka 2016, pali Raspberry Pi Pico ya 2021, pali ESP32 yomwe ili ndi WiFi ndi Bluetooth mkati. Koma woyamba kumene ine ndimati ayambe ndi Arduino Uno. Arduino inayambika mu 2005 ku Ivrea ku Italy, Massimo Banzi ndi anzake anaipangira ophunzira amene sanali mainjiniya, ndiye chilichonse chake anachipanga kuti munthu wamba asavutike. Uno inatuluka 2010, chipu chake ndi ATmega328P, imayendera ma volti 5 ndipo masensa otchipa ambiri amafunanso 5 yemweyo, pomwe ESP32 ndi Pico ndi za 3.3 zimafuna kusamala kwambiri polumikiza. Ili ndi mapini 14 a digito, kuyambira 0 mpaka 13, ndi ena 6 olembedwa A0 mpaka A5. Malo osungira pulogalamu ndi 32 KB yokha, chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp nthawi zambiri chimaposa pamenepo, koma pa ntchito yathuyi ndi okwana mpaka kutsala.

Mapulani a Arduino ndi otseguka kwa aliyense, nchifukwa chake pali mabolodi ambiri opangidwa ku China ofanana nayo ndendende pamtengo wotsika. Gulani amenewo osachita manyazi, amagwira bwinobwino.

Zoti musonkhanitse

Zogula ndi izi: Uno ndi chingwe chake cha USB, ka breadboard kamabowobowo kaja, mawaya a jumper, timababu ta LED tingapo ndi malezisita (tochepetsa moto) a 220 ohm, mamota awiri achikasu okhala ndi magiya pamodzi ndi matayala ake, bolodi yofiira yoyendetsera mamota ya L298N, sensa ya HC-SR04 ija imaoneka ngati maso awiri, chosungira mabatire awiri a 18650, kachaja ka TP4056 ndi switchi. Kuno kuboma izi simungazipeze pashelefu, timachita kuitanitsa kapena kutuma wopita ku Limbe ndi ku Blantyre, ndiye ndi bwino kusonkherana anthu anayi asanu nkugula pakamodzi, transipoti imapepuka. Ngati muli ndi m'bale amene akuphunzira za uinjiniya ku MUST ku Ndata kuja ku Thyolo kapena ku MUBAS, mufunseni komwe anzake amagula, amenewo zinthuzi amazigwiritsa ntchito pa mapulojekiti awo.

Zina zonse musagule. Thupi la roboti ndi kachidutswa ka pulayi kwa akalipentala, olo chivindikiro cha bigiri chosweka. Teyala lachitatu, lija longotsatira, ena amaika kampira ka mu botolo la perefyumu wa kukhwapa, kamatsetsereka bwino pasimenti. Switchi ndi mawaya pitani kwa okonza mawailesi, ali ndi milu ya zakufa. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu makina ake amphepo aja anawapanga ndi zotola kudzala ndi zidutswa za njinga, ndiye nkhani yotola isakupatseni manyazi. Koma chinthu chimodzi yesetsani mugule kapena mubwereke, multimeter, mita yoyezera moto. Popanda mita mumangolota, simudziwa ngati moto ukufika kapena ayi.

Gawo loyamba, kuyatsa kababu kamodzi

Ikani Arduino IDE pa laputopu, imeneyi ndi pulogalamu yolembera khodi ndi kuitumiza ku bolodi, ndi yaulere, mukaikopera kamodzi simufunanso bandulo. Amene alibe laputopu pali app ya pa Android yotchedwa ArduinoDroid, mumalumikiza bolodi ku foni ndi kachingwe ka OTG, kulemba pa foni nkotopetsa koma zimatheka. Ndipo ngati katundu sanafike mutha kuyamba kuyeserera pa Wokwi kapena Tinkercad, ndi mawebusaiti omwe amakupatsani Arduino yongoyerekeza pa sikirini, kungoti amenewo amadya data.

Lumikizani bolodi, pa Tools sankhani Board kukhala Arduino Uno, kenako Port. Apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi tsiku loyamba lomwe, Port imakhala yosadinika munthu nkumati andigulitsa chakufa. Nthawi zambiri si chakufa. Yang'anani kachipu kakang'ono pafupi ndi polowera USB, ngati palembedwa CH340 ndiye kompyuta ikufuna driver ya CH340, ikani imeneyo muyesenso. Zikakanikabe sinthani chingwe.

Ikaoneka, pitani File, Examples, Basics, Blink, dinani kamuvi ka Upload. Kababu kolembedwa L pabolodipo kayamba kuphethira, sekondi imodzi kuyaka sekondi imodzi kuzima. Mabolodi ambiri amabwera kakuphethira kale, ndiye kuti mutsimikize kuti ndinu mukulamula sinthani 1000 uja akhale 100 mutumizenso. Nambala imeneyo ndi ma millisecond, 1000 ndi sekondi imodzi. Kakayamba kuphethira mothamanga dziwani kuti bolodi yamva mawu anu. Ana nthawi imeneyi amakuwa, ndipo ine ndimawasiya asewere ndi manambalawo mpaka atope, chifukwa apa ndi pomwe mantha amathera.

Muone kuti pulogalamu ili ndi zigawo ziwiri. Cha setup chimachitika kamodzi kokha bolodi ikangoyaka, ngati kukonza ziwiya musanayambe kuphika. Cha loop chimabwerezedwa osaleka. Roboti yonse imene tipange ili mmenemo, yang'ana, ganiza, yenda, yang'ananso.

Kenako tulutsani kababu panja. LED pa breadboard, mwendo wautali kudzera pa lezisita ya 220 kupita ku pini 13, mwendo waufupi ku pini yolembedwa GND, ndiye negetivu yake. Lezisita yake ndi ija ya mizere yofiira, yofiira, yabulawuni, ngati ili ya mizere inayi. Musaisiye, LED yopanda lezisita imakoka moto wambiri nkupsa, pena nkuononga pini.

Gawo lachiwiri, moto

Apa ndichedwapo chifukwa mwa mavuto onse amene ndaona, ochuluka si a khodi ayi, ndi a moto. Pini imodzi ya Uno imapereka bwinobwino 20 mA basi, ikafika 40 ndiye malire ake enieni. Kamota kachikasu kaja kamakoka kuposa pamenepo kangapo konse, ndipo teyala likakakamira kamakoka kwambiri zedi. Ndiye mota musailumikize ku pini ya Arduino mwachindunji, olo kongoyesa. Mnyamata wina wa gulu lathu anachita zimenezo ndili kuseri, pini imeneyo inafa mpaka lero tinaimata tepi kuti wina asaigwiritsenso. Arduino ntchito yake ndi kulamula, wonyamula katundu ndi L298N.

Batire la 9V lamakona anayi lija musavutike nalo, nambala yake ikuoneka yaikulu koma mphamvu yokoka mota lilibe, mphindi zochepa lagona. Mabatire a tochi wamba a mugolosale nawonso sachedwa. Chimene chimagwira ndi ma 18650 awiri. Limodzi ndi ma volti 3.7, likadzaza 4.2, awiri motsatizana akupatsani 7.4 mpaka 8.4. L298N imadya pafupifupi ma volti 2 payokha, ndiye ku mota kumafika cha m'ma 6, zomwe ndi zoyenera mamota achikasuwo chifukwa anapangidwira 3 mpaka 6.

Ma 18650 amapezeka mkati mwa mabatire akale a laputopu ndi ma power bank, okonza makompyuta amakhala nawo. Koma apa ndikupemphani, ntchito yotsegula ichitidwe ndi wamkulu osati mwana, ndipo osabaya ndi mpeni. Lithium akapsa moto wake si wamasewera, nyumba zathu zambiri muli makatani ndi matilesi pafupi. Lililonse muliyeze ndi mita, limene likuwerenga pansi pa 2.5 lisiyeni, lotupa, lophwanyika, ladzimbiri kapena long'ambika chikopa chake lisiyeninso. Ogula atsopano chenjerani ndi aja olembedwa 9900 mAh, bodza limenelo, 18650 yeniyeni imathera cha m'ma 3500. Pochaja chotsani m'chosungira muchaje limodzi limodzi ndi TP4056, kachaja kameneka ndi ka batire limodzi, simungachajire awiri otsatizana pakamodzi. Kamalowa chaja ya foni, ndiye olo magetsi atathima kasola ka panyumba kamakwana. Chajirani pasimenti muli pomwepo, osati pabedi usiku mukugona. Ndipo musaike batire m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi.

Gawo lachitatu, mamota

Wotchererani mawaya awiri pa mota iliyonse. Timalata take ndi tofewa timathothoka msanga, ndiye mukawotcherera mangani wayayo ku thupi la mota ndi tepi kuti ikakokedwa isakokere pa kalatapo. Ngati mulibe chowotcherera, okonza mafoni pamsika akuchitirani mphindi ziwiri.

Mota ya kumanzere ku OUT1 ndi OUT2, ya kumanja ku OUT3 ndi OUT4. Waya wofiira wa mabatire udutse pa switchi, kenako ugawikane, wina ku polembedwa 12V pa L298N wina ku VIN ya Arduino. Musadabwe ndi 12V yolembedwayo, 7.4 imalowa pomwepo. Waya wakuda ku GND ya L298N, ndipo kuchokera pomwepo wina apite ku GND ya Arduino. Waya ameneyu ndi amene amaiwalika kuposa onse. Popanda GND imodzi mabolodi awiriwa samvana, magetsi onse ayaka bwinobwino koma mota zii, kapena izingonjenjemera. Musanayatse switchi koyamba yang'anani kawiri kuti wofiira ndi wakuda simunawatembenuze.

Tsopano mawaya olamula. Pa ENA ndi ENB pa L298N pamabwera titsekerero takuda, tichotseni mutisunge. ENA ku pini 5, ENB ku pini 6, IN1 ku 2, IN2 ku 3, IN3 ku 4, IN4 ku 7. Mapini 0 ndi 1 asiyeni, ndi amene bolodi imalankhulira ndi kompyuta, mukaikapo zinthu Upload imatha kukana. Ndasankha 5 ndi 6 chifukwa ali ndi kachizindikiro ka ~ pambali, mapini otero pa Uno ndi 3, 5, 6, 9, 10 ndi 11, ndipo ndi okhawo amene amatha kuchepetsa liwiro. Amachita izi poyatsa ndi kuzimitsa moto mofulumira kwambiri kambirimbiri pa sekondi, mota nkumamva ngati yapatsidwa moto wochepa, dzina lake PWM. Nambala yake ndi 0 mpaka 255.

Lembani izi pansi pa pulogalamu, maina ndaika a Chichewa dala, kompyuta sisamala chilankhulo bola musaike mpata pakati pa dzina:

void kutsogolo() {
digitalWrite(2, HIGH); digitalWrite(3, LOW);
digitalWrite(4, HIGH); digitalWrite(7, LOW);
analogWrite(5, 160); analogWrite(6, 160);
}

void ima() {
analogWrite(5, 0); analogWrite(6, 0);
}

Ya kumbuyo ndi chimodzimodzi ya kutsogolo kungotembenuza, pomwe pali HIGH (kuyatsa pini) muike LOW (kuzimitsa) pomwe pali LOW muike HIGH. Ya khota mutembenuze mota imodzi yokha, ina ipite kutsogolo ina kumbuyo, roboti izungulira pamalo amodzi. Zilembeni nokha ziwirizi, musakopere kwa mnzanu, mukazilemba nokha mwamvetsa L298N yonse. Mu setup mapini 2, 3, 4, 5, 6 ndi 7 muwauze kuti ndi otulutsa, mwachitsanzo pinMode(2, OUTPUT), mpaka onse. Samalani zilembo zazikulu ndi zazing'ono, digitalwrite ya w wamng'ono ikana, ndipo kachizindikiro ka ; kumapeto kwa mzere kakasowa uthenga wofiira umaloza mzere wotsatira osati wolakwikawo, ndiye muziyang'ana mzere wa pamwamba pake.

Poyesa koyamba ikani roboti pamwamba pa kapu kapena njerwa matayala ali m'malere. Mu loop ikani kutsogolo masekondi awiri, ima sekondi imodzi, kumbuyo masekondi awiri. Teyala limodzi likamazungulira chobwerera musakhudze khodi, masulani mawaya awiri a mota imeneyo pa L298N muwasinthanitse, zatha. Mota ikamangolira osazungulira ndiye nambala yachepa, pansi pa 100 mamota amenewa nthawi zambiri amakanika kudzuka, kwezani.

Gawo lachinayi, thupi

Apa sindikuphunzitsani zambiri, amisiri a mawaya ndinu. Dulani pulayi pafupifupi 15 cm m'lifupi 20 m'litali, mamota awiri ayang'anizane bwino mofanana, apo ayi izingokhotera mbali imodzi. Mabatire ndi amene amalemera, akhale pamwamba pa matayala oyendetsa kuti asamatererere. Bolodi isagone pa chitsulo kapena pa waya wosakutira, kunsi kwake kuli timinga ta soda yowotcherera tingagundane nkupsa, ikani katoni pansi pake. Guluu musathamangire, mangani ndi malegeni kaye chifukwa mumasula kangapo.

Gawo lachisanu, maso

Ili ndi gawo limene ndimalikonda. Amene munakwerapo phiri kudzera ku Likhubula mukudziwa kuti mukakuwa moyang'ana thanthwe mawu amabwerera, ndipo thanthwe likakhala kutali amachedwa kubwera. HC-SR04 imachita zomwezo, ngati mleme usiku. Maso awiri aja si maso, limodzi ndi kamwa lina ndi khutu. Kamwa limatulutsa kaphokoso ka 40 kHz komwe khutu la munthu silimva, kakagunda chinthu kamabwerera, sensa nkutiuza nthawi imene kanatenga. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndiye mukawerengera ulendo wopita ndi wobwerera, sentimita iliyonse imatenga ma microsecond 58. Nchifukwa chake mu khodi muona tikugawa ndi 58, si nambala yamatsenga. Khoma likakhala pa 20 cm sensa iwerenga cha m'ma 1160. Mwana wa Fomu 2 amene amati physics ndi yoloweza, mpatseni awerengere yekha 58 ameneyu papepala, muona nkhope yake.

Miyendo ndi inayi, VCC ku 5V ya Arduino, GND ku GND, Trig ku pini 11, Echo ku pini 12. Mu setup 11 ndi OUTPUT, 12 ndi INPUT, ndipo onjezani Serial.begin(9600);

long mtunda() {
digitalWrite(11, LOW); delayMicroseconds(2);
digitalWrite(11, HIGH); delayMicroseconds(10);
digitalWrite(11, LOW);
long nthawi = pulseIn(12, HIGH, 30000);
if (nthawi == 0) return 400;
return nthawi / 58;
}

Mzere wa nthawi == 0 uja musauchotse. Kutsogolo kukakhala kopanda kanthu phokoso silibwerera, pulseIn imadikira mpaka ma microsecond 30000 nkubweza 0, ndiye roboti imaganiza kuti khoma lili pamphuno pomwe nkumangobwerera m'mbuyo pabwalo poyera. Tikuiuza kuti 0 atanthauze kutali, 400 cm, omwe ndi malire a sensayi. Pafupi imayambira 2 cm.

Musaphatikize ndi mamota pano. Mu loop ikani Serial.println(mtunda()); ndi delay(100); basi, tsegulani Serial Monitor, pakona pakhale 9600 yemweyo apo ayi muona zilembo zosamveka. Tengani rula ya kusukulu ndi buku, ikani buku pa 10 cm, pa 20, pa 30, muone ngati manambala akugwirizana. Kenako yesani zinthu zina kuti mudziwe pomwe sensa imanama. Chitenje cholendewera kapena bulangete zimameza phokoso. Khoma loyang'ana chammbali limatayira phokoso kwina. Mwendo wa mpando woonda pena siiona nkomwe. Zimenezi mukazidziwira pa tebulo simudzakwiya roboti ikadzagunda sofa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi, kuphatikiza

Mangani sensa kutsogolo, ikhale chilili, yokwera masentimita asanu kapena kuposa kuchoka pansi, ikaweramira pansi imaona simenti ngati khoma. Loop yonse ndi iyi:

void loop() {
if (mtunda() < 20) {
ima(); delay(200);
kumbuyo(); delay(400);
khota(); delay(350);
} else {
kutsogolo();
}
delay(60);
}

Muiwerenge mokweza m'Chichewa, ngati mtunda wachepera 20 ima, bwerera, khota, apo ayi pita kutsogolo. Delay ya 60 ija ndi yopatsa mpata phokoso lakale lithe lisanatumizidwe lina. Tumizani, zulani USB, ikani pansi, yatsani switchi. Ine ndimaonjezera delay(3000); kumapeto kwa setup kuti munthu apeze nthawi yochotsa dzanja, ndinaona ina ikudumpha patebulo itangoyatsidwa sensa nkuphwanyika.

Manambala 400 ndi 350 ndi a roboti yathu, yanu ifuna ake. Pasimenti yosalala imakhota kwambiri, pamkeka imakhota pang'ono, mabatire akamatha zimasinthanso. Muzisintha nambala imodzi pa nthawi nkulemba m'kope zomwe zachitika. Mukasintha zitatu pakamodzi simudziwa chomwe chakonza.

Ikayamba kuvuta

Ikamakhotera mbali imodzi mmalo moyenda chowongoka, si kulakwa kwanu, mamota awiri safanana ndendende olo achokere paketi imodzi. Chepetsani ya mbali yothamangayo, mwina 160 ndi 148, mpaka iwongoke.

Ikamayenda pang'ono nkuima ngati yayambiranso, kababu ka L kakuphethira, ndiye moto ukugwa mamota akamadzuka, Arduino nkumazima kamphindi. Yezani mabatire, awiri pamodzi akatsika pansi pa 7 achajeni. Ngati ali odzaza onani zomangira pa L298N ngati zalimba, komanso zosungira mabatire zina timawaya take ndi toonda kwambiri, sinthani muike wonenepako. Manambala a sensa akamadumphadumpha mamota akayaka, wotchererani ka capacitor kolembedwa 104 pakati pa timalata tiwiri ta mota iliyonse, mumatipeza m'mawailesi akufa omwe aja, ndipo mawaya a sensa muwatalikitse ndi a mota.

Ndiye pali vuto lathulathu la kuno, chinyezi. Nyengo ya chiperoni, June July kuja kukangoti mtambo wakuta phiri kamvula kowaza masiku atatu, timalata ta mkati mwa breadboard ndi nsonga za ma jumper zimachita dzimbiri msanga, chinthu chimene chimagwira sabata yatha lero chikukana popanda wachikhudza. Ife timasunga zonse m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, mkati timaponyamo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Fumbi la October nalo limalowa m'magiya, muzipukuta. Waya wa jumper mukamukayikira muyezeni ndi mita mutaiika paja imalira waya akakhala wosaduka, ambiri amaduka mkati kunja akuoneka abwino.

Mukanunkhiza kupsa kapena chipu chikatentha moti chala sichikhalapo, zimitsani switchi kaye, mafunso pambuyo. Chitsulo chakuda cha L298N kufunda pang'ono ndi mmene chimakhalira.

Ikayenda, kenako chani

Mapini 9 ndi 10 ndinawasiya dala. Mukapeza ka servo ka SG90 kabuluu kaja, kamota kotembenuka kufika pomwe mwakauza, muike sensa pamwamba pake, waya wake wolamula ku 9, roboti ikaima izitembenuza mutu kumanzere ndi kumanja nkusankha komwe kuli mpata waukulu. Library ya Servo, khodi yolembedwa kale yoyendetsera servo, pa Uno imalanda PWM ya pa 9 ndi 10, ndiye amene anaika ENA ndi ENB pamenepo amadabwa mamota asiya kumvera, inu simukumana nazo. Ena amakonda yotsata mzere, masensa awiri a TCRT5000 kunsi ndi tepi yakuda pa pepala loyera, kungoti imeneyo muziyesera m'nyumba chifukwa dzuwa limaisokoneza.

Makolo ena amandifunsa kuti zidolezi zipindula chani. Ndimawaonetsa loop ija. Chotsani sensa ya mtunda muike yoyeza chinyezi cha dothi, chotsani mamota muike relay (switchi yolamulidwa ndi Arduino) ndi kapampu ka 12V, mawu ake akhala ngati dothi lauma yatsa pampu apo ayi zimitsa, ndipo imeneyo ndi nazale ya tomato kapena ya mbande za tiyi yodzithirira yokha. Mtsikana wina wa gulu lathu, kwawo amalima masamba cha ku Thuchila, ndi amene akulimbana nayo panopa, ndipo wapeza kale kuti masensa otchipa a timiyendo tiwiri tachitsulo amadyeka ndi dzimbiri akakhala m'dothi ali ndi moto nthawi zonse, ndiye akuyesa kumawayatsa kamphindi kokha poyeza, kudzera pa pini ya digito. Loweruka likubwerali tikaiyesa pa ndowa ziwiri, ina ya dothi la kudimba ina ya katondo wa kuseri kwa nyumba, tione ngati nambala youma ikhale imodzi.